Lamulo Langa la Mvula ya ku Zanzibar

Ana anga, za ubwana wanga ku Katete sindilemba pano, chifukwa amalume anu anakusimbirani kale, mwinanso mopitirira mmene zinalili. Mutu uno ndi wa ntchito imene ndinagwira zaka makumi atatu, yokonzera anthu maulendo a tchuthi, makamaka opita ku zilumba za m'nyanja ya mchere. Ndikufuna mudziwe mmene ndinaphunzirira ntchitoyo, ndiponso tsiku limene zimene ndinaphunzirazo zinatsala pang'ono kumana munthu chinthu chimene sakanachipezanso.

Chaka choyamba, ku Cairo Road

Nditalandira dipuloma yanga ya zokopa alendo, ndinalembedwa ntchito pa kaofesi kogulitsa matikiti a ndege, m'chipinda cham'mwamba cha nyumba ina yakale pa Cairo Road, mu mzinda wa Lusaka. Ndinkakhala kwa azakhali anga ku Chelstone, ndipo ndinkanyamuka dzuwa lisanatuluke kuti ndipeze malo m'minibasi. Mwini ofesiyo anali Bambo Chileshe, munthu wa ku Kasama, wamtali, wokonda suti ngakhale mu Okutobala, amene ankalankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba. Tinalipo antchito atatu, ndipo zipangizo zinali zosowa. Foni inali imodzi, ndipo mvula ikagwa inkangolira phokoso lokhalokha. Matikiti tinkalemba pamanja, mapepala anayi osanjikiza, kukanikiza cholembera mpaka chala kuchita chithuza. Ukalakwitsa chilembo chimodzi m'dzina la munthu, tikiti yonse inkatayidwa, ndipo ena atsopano ankatha masabata asanafike. Timabuku ta zithunzi za zilumba tinali nato tiwiri tokha, kena ka Zanzibar, kena ka Mauritius. Tinkatisunga m'dirowa, ndipo kasitomala ankangololedwa kutsegula ali pomwepo, ife tikumuyang'anira m'manja.

Chimene chinkandivutitsa mumtima n'chakuti ine ndinali ndisanaonepo nyanja ya mchere. Madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a ku Siavonga, kumene tinapitako tsiku limodzi ndi anzanga a ku koleji. Tsiku lina ndinawauza Bambo Chileshe kuti ndikuchita manyazi kufotokozera anthu za malo amene sindinawapondepo. Iwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Awe, ba Tembo," anatero, "uja wogulitsa mabokosi a maliro ku Kamwala anagonamo kangati? Koma amakuuzani kuti ili ndi lofewa, ili ndi lolimba. Werengani kabuku, lankhulani molimba mtima, kwatha."

Ndinamvera. Ndinaloweza timabuku tija ngati katekisimu, ndipo kwa zaka ziwiri palibe amene anandidandaula.

Chaka chachitatu, mwezi wa Epulo

Anabwera mphunzitsi wina wa ku Woodlands ndi bwenzi lake. Anali Akatolika, ndipo popeza nyengo ya Lenti sachita maukwati, ukwati wawo unali wa Loweruka lotsatira Pasaka. Ankafuna kunyamuka m'mawa mwake kupita ku Zanzibar. Mkwatibwi anandifunsa za nyengo. Ine ndinayang'ana pawindo. Ku Lusaka mvula inali italekeza, thambo lili mbee, chimanga chikuuma m'minda ya m'mbali mwa misewu. Ndinayankha mosakayika kuti asankha nthawi yabwino, mvula yatha. Sizinandibwerere m'maganizo kuti mvula ingathe kuno n'kukhala ikuyamba kwina. Ife a dziko lopanda gombe timakula tikudziwa kalendala imodzi: mvula imayamba mu Novembala, imatha mu Epulo, ndipo timaganiza kuti Mulungu anaikira dziko lonse chimodzimodzi.

Patapita sabata ndi theka anakwera masitepe a ofesi yathu, mkazi patsogolo, mwamuna pambuyo atanyamula chikwama.

"Ba sisi, munatituma kukaona mvula?" anandifunsa mkaziyo asanakhale pansi. "Mvula tili nayo ku Woodlands, ya mahala! Masiku onse takhala m'chipinda, kuyang'anizana ngati anthu amene akhala m'banja zaka makumi anayi. Zovala zanga zatsopano zachita nkhungu. Tsiku limodzi kunacha bwino, tithamange kukasamba, nyanja kulibe! Yapita kutali uko, kwatsala matope ndi ndere. Kodi nayonso inali pa tchuthi?"

Mwamuna wake anayesa kumuletsa, koma ndinawapempha kuti amusiye amalize, chifukwa zonse zimene ankanena zinali zoona. Ndinapepesa, ndipo madzulo ake ndinakhala pansi kufufuza pamene panayambira cholakwa. Ndinapeza kuti sichinali m'kabuku. Kabuku kankangoonetsa dzuwa chifukwa ndiyo ntchito yake. Cholakwa chinali changa, poyankha funso la kutali poyang'ana pawindo la pafupi.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsa munthu aliyense wobwerako, ndi kulembera makalata mahotela a kumeneko. Zimene ndinapeza ndinazitayipa pa pepala limodzi. Ndinalembapo kuti nyanja ya mchere siili ngati ya ku Siavonga: madzi ake amaphwa ndi kudzazanso kawiri pa tsiku, ndipo kum'mawa kwa chilumbacho amapita kutali kwambiri, choncho wofuna kusambira afunse nthawi ya madzi asanavule malaya. Ndinalemba kuti anthu ambiri a kumeneko ndi Asilamu, ndipo mayi asayende m'tauni mapewa ndi ntchafu zili pamtunda. Chitenje chimodzi m'chikwama chimathetsa nkhani yonse. M'mwezi wa Ramadani munthu asadye kapena kumwa pamsewu masana. Ndinachenjezanso kuti dzuwa la pagombe limawotcha ngakhale ife a khungu lakuda, kuti madzi akumwa akhale a m'botolo, kuti khadi lachikasu la katemera liyendere limodzi ndi pasipoti, ndiponso kuti wosazolowera mafunde asadye kwambiri asanakwere boti. Koma pamwamba pa zonsezi ndinalemba ndi zilembo zazikulu kuti kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Meyi yense ndi nyengo ya mvula yaikulu, ofesi yathu isatumize munthu; nthawi yabwino koposa ndi kuyambira Juni mpaka Okutobala. Bambo Chileshe analimata pepalalo pakhoma, ndipo ankalitcha lamulo la ba Tembo.

Zaka za ku Northmead

Chaka chachisanu ndi chinayi Bambo Chileshe anatsegula ofesi yachiwiri ku Northmead n'kundiika kukhala woyang'anira. Kumeneko n'kumene makompyuta anatipeza, matikiti a pamanja n'kutha, ngakhale kuti magetsi akazima tinkabwerera ku kope ndi cholembera. N'kumenenso ndinapeza mwayi wopita ndekha ku Zanzibar, m'mwezi wa Ogasiti, hotela ina itaitana ogwira ntchito ngati yathu. Ndinaima pagombe nsapato zili m'manja, ndinalawa madziwo ndi chala ngati mwana, ndipo ndinapeza kuti zonse za pa pepala langa zinali zolondola. Ndikuganiza tsopano kuti ulendo umenewo unandiwononga pang'ono. Ndinabwerako ndili wotsimikiza kotheratu, ndipo munthu wotsimikiza amayamba kuyankha mnzake asanamalize kulankhula. Anthu ankachokera ku Kabulonga ndi ku Kaunda Square kudzafunsa ine, osati anzanga, ndipo ambiri ndinawabweza m'miyezi ya mvula. Onse ankadzandithokoza pambuyo pake.

Chaka cha makumi awiri ndi zinayi, mwezi wa Malichi

Lolemba lina m'mawa kunalowa bambo wachikulire wovala jekete yotuwa, yosita bwino, chipewa chili m'manja. Anati dzina lawo ndi a Zulu, a ku Kabwata, ndipo anapuma ntchito ya ukalaliki. Anatulutsa mapasipoti awiri atsopano, okulungidwa m'pulasitiki.

"Ndikufuna kupita ndi amayi a kunyumba kukaona nyanja ya mchere," anatero. "Ngati n'kotheka mwezi wa mawa."

"Mwezi wa mawa ayi, bambo," ndinayankha, ndikutulutsa kale pepala langa lija, limene tsopano ndinkagawira makasitomala. "Imeneyo ndi nyengo ya mvula yaikulu. Mukangokhala m'chipinda. Dikirani Julayi, mudzandithokoza."

"Julayi ndi kutali, mayi."

"Ndi miyezi inayi yokha. Mwadikira zaka zonsezi, mungalephere imeneyi?"

Anazunguliza chipewa chawo m'manja. Kenako anati, "Kungoti amayiwo m'thupi simuli bwino kwenikweni."

Mawu amenewo, ana anga, timawamva tsiku ndi tsiku. Amanenedwa za chimfine, za nyamakazi, za kutopa. Ndinayankha monga mwa chizolowezi kuti Ambuye awakhudze, ndipo ndinawonjezera kuti ndiye bwino adikire, akapite atapeza mphamvu. Bambo Zulu anandithokoza mwaulemu, anapinda pepala langa kanayi, n'kutuluka. Anthu a msinkhu wawo ochokera kwathu kum'mawa satchula matenda a mkazi wawo kwa mlendo wa mu ofesi, ndipo satsutsana ndi munthu wa dipuloma pa desiki yake. Zonsezi ndinkazidziwa, popeza bambo anga omwe anali otero. Koma sindinafunse.

Lachinayi la sabata lomwelo ndinapita ku msonkhano wa amayi a chigwirizano ku mpingo wathu. Potchula odwala oti tiwapempherere, amayi busa anatchula Mayi Zulu a ku Kabwata, ogulitsa zitenje ku Kamwala, n'kunena motsitsa mawu kuti ndi khansa, ndipo madokotala awabweza kunyumba chifukwa palibenso chochita. Pemphero lonse sindinalimve. M'mutu mwanga munkangobwera mawu aja akuti Julayi ndi kutali.

M'mawa mwake ndinapita ku Kabulonga kunyumba kwa Bambo Chileshe, amene panthawiyo anali atakalamba ndipo ankayendetsa maofesi awo atakhala pakhonde. Ndinawafotokozera zonse, ndi kuti ndikufuna kukonza ulendowo mu Epulo.

"Shani, ba Tembo, mwadwala?" anandifunsa. "Lamulo ndi lanu lomwe. Ine ndinangogula guluu."

"Ndi langa, bambo. Koma ndinalilembera anthu amene ali ndi Julayi."

"Manje mverani. Mvula si nkhani. Nkhani ndi iyi: mayiyo akakafera kumeneko, mtembo ubwela bwanji? Mukudziwa mapepala ake? Achibale adzakhala pamaliro opanda maliro, sabata yonse, akunena kuti ofesi ya Chileshe inatenga wodwala pabedi n'kukamutaya kwa eni. Dzina limene ndamanga zaka zonsezi lidzathera pa tsiku limodzi. Inu munawauza zoona, anapita okha. Zisiyeni."

Sindinganene kuti ankalakwa. Ndinayeza nkhaniyo masiku awiri. Ndikakhala chete, palibe amene akanandiimba mlandu; malangizo anga anali oona, ndipo Bambo Zulu sakanabweranso. Ndikalowerera, panali zoopsa zitatu: kuti mayiyo angafere kutali ndi kwawo, chinthu chimene kwathu timachiopa kuposa imfa yeniyeniyo, kuti ndingaulule pamaso pa wodwala chimene mwamuna wake akumubisira, ndi kuti angapite, n'kukapeza mvula yokhayokha, nyanja osaiona bwino, mphamvu zawo zomaliza n'kuthera pachabe. Koma ndinaonanso kuti zoopsa zonsezi zinali za banja la a Zulu, ndipo oyenera kuziyeza anali iwowo. Ine ndinali nditawayezera kale, osadziwa chimene chinali pa sikelo. Ndinabwerera kwa Bambo Chileshe n'kuwauza kuti mapepala onse ndisayina ndine, ndipo zikavuta ndidzatula pansi ntchito kuti mlandu ukhale wanga. 

"Ukalamba wakupengetsani msanga kuposa ine," anatero. "Chitani, koma kalata ya dokotala ndiione ndi maso anga."

Kunyumba ya wodwala sitipita ndi nkhani za ntchito. Choncho Loweruka lotsatira masana ndinavala yunifolomu ya chigwirizano, ndinagula shuga ndi malalanje, n'kupita ku Kabwata monga wodzazonda matenda. Bambo Zulu potsegula chitseko anandizindikira, ndipo nkhope yawo inagwa. Mayi Zulu anali atakhala pa sofa, atatsamira mapilo, owonda kwambiri, koma atamanga duku lawo mwaluso ngati akupita ku ukwati. Tinapemphera, tinaimba vesi limodzi. Ndinali ndisanapeze poyambira pamene mayiwo anandiyamba.

"Inu si amayi a matikiti aja? Pepala lanu lili m'Baibulo la abambowa. Analibisa ku Levitiko, poganiza kuti kumeneko sinditsegulako."

"Amayi, musavutitse alendo," anatero Bambo Zulu.

"Mlendo wake uti? Wabwera m'yunifolomu, ndi mnzanga. Mayi Tembo, abambowa akuganiza kuti sindikudziwa zimene adokotala anawauza kukhonde. Thupi ndi langa, lingandibisire chiyani? Iwo akundibisira, ine ndikuwabisira kuti ndikudziwa, nyumba yonse yangodzaza zobisa ngati sitolo ya katundu wozembetsa."

Bambo Zulu anatembenukira kukhoma. Ine ndinafunsa funso limene ndinayenera kufunsa Lolemba lija: chifukwa chiyani akufuna nyanja ya mchere? Anandiuza kuti anagulitsa nsalu ku Kamwala zaka zoposa makumi atatu. Mabelo akamatsegulidwa kwa opikulitsa ankatuluka kafungo kachinyezi, ndipo opikulitsawo ankawauza kuti ndi fungo la m'sitima za panyanja. Nsalu zimenezo zinaphunzitsa ana awo onse anayi. "Ndiye ndinati, madzi amene andidyetsa moyo wanga wonse, ndife osawaona? N'kupanda ulemu kumeneko."

Ndinawafotokozera zonse mosabisa: kuti kukagwa mvula mwina tsiku lililonse, kuti kusambira sikutheka, kuti ulendo ukawatopetsa, ndiponso kuti pali ngozi yoti zinthu zingavute ali kutali.

"Mvula?" anatero. "Ine ndagulitsa pamvula ku Kamwala, matope mpaka m'akakolo, ndikuphimba nsalu ndi thupi langa. Kusambira ndani wanena? Ndi mafupa awa ndikaopseze nsomba za eni? Ndikufuna kuiona basi. Za kufera kumeneko, sindingatero. Abambowa sadziwa ngakhale kudzaza fomu popanda ine kuwagwirira magalasi. Ndiwabweretsa kunyumba kaye."

Bambo Zulu anaseka, misozi ili m'maso, n'kunena kuti, "Mwamva nokha, mayi. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndakhala ndikulamulidwa chonchi."

Ndinaika zofunika zanga. Dokotala wawo alembe kalata yowaloleza kukwera ndege ndi yofotokoza mankhwala amene anyamule. Ana onse ndi alongo awo a mayi auzidwe ndipo avomereze, kuti pasadzakhale wonena kuti sanamve. Zimenezi zinatenga masabata awiri, chifukwa mwana wawo wamkulu anakana poyamba, ndipo anagonja atalankhula ndi mayi ake yekha. Kenako ndinakonza ulendowo mosemphana ndi pafupifupi chilichonse chimene ndinkalangiza ena. Sindinawatumize ku magombe a mchenga woyera a kutali, koma pafupi ndi tauni, kufupi ndi chipatala, mbali imene madzi sapita kutali akaphwa. Boti ndinalichotsamo, ndege yokha, ndi njinga ya odwala pa bwalo lililonse. Ndinaimbira mahotela asanu ndi imodzi kufunsa chinthu chimene sindinafunsepo m'zaka zonsezo: chipinda chapansi, chopanda masitepe, chokhala ndi khonde lofolera bwino loyang'ana kunyanja, loti munthu n'kukhalapo tsiku lonse mvula ikugwa osanyowa. Wa hotela yachisanu ndi chimodzi anapita kukaima pakhondepo ndi foni kuti ndimve mafunde.

Epulo mpaka Juni, chaka chomwecho

Ananyamuka pakati pa Epulo, ulendo wa masiku asanu. Masiku amenewo foni ikalira mu ofesi ndinkathamangira kuyankha ndine, ndipo Bambo Chileshe ankaimba m'mawa uliwonse kufunsa kuti, "Kuli zii?" Ndinkayankha kuti kuli zii. Tsiku lachisanu ndi chimodzi Bambo Zulu anaimba kuti afika, ndipo amayi akundiitana.

Ndinawapeza atagona pabedi, ofooka kuposa kale, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Ndinafunsa za mvula ndili ndi mantha.

"Munanena zoona, mayi Tembo, inagwa masiku anayi. Inu simunama, n'chifukwa chake simunalemere." Anapuma kaye. "Koma ndakhala pakhonde lija kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Madzi, madzi, mpaka kukakumana ndi thambo. Sitima zonyamula katundu ndaziona ziwiri, ndinaziuza kuti zikomo. Chimene chinandipweteka n'chimodzi. Mvula yonse ija, yabwinobwino, kumangogwera m'madzi amene ndi ochuluka kale! Ndinawauza abambowa kuti tikanakhala ndi njira tikanaipatutsira ku Chadiza kwa achemwali anga, kumene chimanga chafota chaka chino. Nkhani imeneyi ndikaifunsa ndikafika kumwamba."

"Tsiku lachisanu kunacha," anawonjezera Bambo Zulu. "Anyamata a pahotela anawanyamula ndi mpando womwe mpaka m'mphepete. Anaviika mapazi."

"Ndi ofunda," anatero mayiwo, maso atatseka. "Palibe amene anandiuza kuti ndi ofunda. Pa pepala lanu palibe zimenezo. Mukawonjezere."

Ndinalonjeza, ndipo Lolemba lotsatira ndinawonjezeradi mzere umenewo ndi cholembera, m'munsi mwa pepala la pakhoma. Mayi Zulu anamwalira sabata yachiwiri ya Juni, pabedi lawo ku Kabwata, ana awo onse alipo. Amayi a chigwirizano tinagona pamaliro masiku awiri, ndipo tsiku loika ndinali mmodzi wa oyala nkhata pamanda. Kunali kozizira, kouma, thambo lopanda mtambo ngakhale umodzi. Julayi anali atatsala ndi masabata atatu.